Ndalama za mabatire aja: a banki akuti poti ndinalemba OTP ndekha palibe chomwe angachite

Lachiwiri, 19 November 2024

Bambo a Yankho (Rosettenville):
Abale mwaswera bwanji nonse. Pepani lero ndilemba zambiri, nkhaniyi ndakhala nayo mumtima kwa nthawi ndie yafika poti tulo sindikuona. Chaka chatha nthawi ija magetsi amazima mpaka Stage 6, amene munafikako ku barbershop kwanga kuno ku Joni mukudziwa mmene zinalili, makina akazima kasitomala wameta mbali imodzi akhale pa mpando kudikira maola anayi, ena kungonyamuka atavala chipewa osabweranso. Nde ndinaona vidiyo pa Facebook ya batire lalikulu lonyamula pamanja ngati kachikwama, lotchaja ndi sola kapena magetsi, akuti limayendetsa furiji ndi TV usiku onse. Sizinali za mu shopu ayi, zinali pa tsamba lina la kunja la zosonkherana zija, zoti munthu amabwera ndi ganizo lake anthu nkumuponyera ndalama kuti apange chinthucho kenako akutumizireni. Mtengo unali theka la ma batire omwe ndimawaona mma shopu akuno. Ndinauza alamu anga nawo anati ndiodereni limodzi, anandipatsa cash pamanja, ine nkulipira onse awiri ndi kirediti khadi yanga pa 22 August 2023. Madola 778, pa sitetimenti inatuluka R14,900 ndi kachenji.

Bambo a Yankho (Rosettenville):
Anati katundu afika March 2024. March itakwana anati fakitale yachedwa afika July. Mu May anatumiza imelo yoti tilipire ya shipping payokha, madola 140, ndinalipiranso ndi khadi yomweyo R2,600. July anati sitima, kenako imelo yomaliza inati pofika 30 September aliyense akhala atalandira. Kuchokera pamenepo zii. Imelo ikubwerera, peji yawo ya Facebook anaifufuta, pa tsamba paja anthu mazanamazana akungotukwana mma comment ndipo wina wapeza kuti batire la mu vidiyo lija ndi la kampani ina anangomatapo dzina lawo. Dzulo ndinaimbira banki yanga, mtsikana amene anayankha anati poti OTP, nambala yachinsinsi ija yotsimikizira malipiro, inabwera pa foni yanu ndipo munailemba nokha si fraud imeneyo, komanso akuti masiku 120 operekera dandaulo anadutsa kalekale. Basi foni nkutha. Ine ngongole ya pa khadi ndikubwezabe ndi chiongoladzanja mwezi ndi mwezi, alamu anga sakulankhula zambiri koma ndikuona nkhope. Alipo amene zinamuchitikirapo? Ndilowere kuti?

Mai a Tadala (Turffontein):
Ayi pepani kwambiri bambo a Yankho. R17,500 si ndalama yamasewera, imeneyo ndi mitu ingati yometa

Madala a Jali (Mayfair):
Mwana wanga pepa. Koma ndikuuze zoona, madzi akatayika saoleka. Ine ndabwera kuno 1998, za ma banki ndaziona, sabweza ndalama ya munthu wakuda wochokera kunja. Ingokhala pansi ndi alamu akowo mugwirizane uziwabwezera pang'onopang'ono, chibale chisaonongeke chifukwa cha batire.

Gift wa Uber:
Amwene njira yake ndi yophweka. Imbaninso muwauze kuti khadi inabedwa kapena munthu wina anaigwiritsa ntchito inu osadziwa. Mnzanga wina anapanga choncho anamubwezera pa sabata imodzi. Bola mulimbe mtima polankhula basi

Chikondi (Randburg):
Ayi ayi Gift zimenezo asayerekeze. Bambo a Yankho chonde musanaimbenso kulikonse werengani kaye izi. Ine ndimagwira pa reception ndi ma accounts ku guest house ina kuno chaka cha 6 tsopano, ma chargeback, zija zoti banki ikubweza ndalama yomwe munthu analipira ndi khadi, timawalandira ife a mbali yogulitsa ndie ndimaona mmene amayendera. Mukanena kuti simunali inu, banki ili ndi umboni onse, OTP inapita pa nambala yanu, foni yomwe munalipilira akuidziwa, adilesi yotumizira katundu ndi ya pa shopu yanu, ndipo dzulo lomweli mwawauza nokha kuti munalipira ndinu pa foni yomwe amajambula mawu. Adzakupatsani fomu yolumbira musayinire bodza, ikadzaululika ndalama osabwera, akaunti kutsekedwa, mwinanso mlandu wa fraud ukhala wanu. Ife a ma permit sitingaseweretse dzina chonchi.

Gift wa Uber:
Ine ndimangothandiza asisi, mnzangayo zinatheka

Chikondi (Randburg):
Ndamva achimwene, koma mwayi wa mnzanuyo si lamulo. Ndie apa mvetserani. Vuto ndi loti pa banki pali makomo awiri ndipo inu munagogoda lolakwika. Khomo loyamba ndi la fraud, kumeneko funso lawo ndi limodzi, munalipira ndinu kapena ayi. Mukati ndine, OTP ndinalemba, iwo nkhani yatha ndipo mtsikana uja pa mbali imeneyo sananame. Khomo lachiwiri ndi la card disputes, kumene munthu amati inde ndinalipira ndine ndi manja anga koma katundu sanafike. Kumeneko OTP ilibe nazo ntchito olo pang'ono. Ndi malamulo a Visa ndi Mastercard eni ake, banki yanu imakatenga ndalama ku banki ya ogulitsa aja, ogulitsawo nkupatsidwa mpata woti aonetse kuti katundu anatumiza. Ku Visa nambala ya dandaulo limeneli ndi 13.1, merchandise or services not received. Ku Mastercard imagwera pa 4853. Khadi yanu ndi iti?

Bambo a Yankho (Rosettenville):
Ndi Visa asisi. Koma nanga za masiku 120 zija? Poti ndinalipira August wa chaka chatha

Chikondi (Randburg):
Apo nde pamene anakusokonezani. Masiku 120 alipodi koma pa katundu amene sanafike samangowerengera tsiku lolipira lokha, amathanso kuyambira tsiku lomaliza lomwe mumayembekezera kulandira katunduyo, bola zonse pamodzi zisapyole masiku 540 kuchokera tsiku lomwe ndalama inachoka. Tiyeni tiwerenge. Imelo yawo yomaliza inati 30 September 2024, kuwonjezera masiku 120 tikufika 28 January 2025. Masiku 540 kuchokera 22 August 2023 akutha cha pa 12 February 2025. Ndie muli mkati konse kuwiri koma nthawi si yambiri, December uyu ma ofesi amayenda mwa kamba. Komanso ndisakubiseni, a banki atha kukakamira kuti ife tiwerengera March, tsiku loyamba lija, nde apo mpamene ma imelo osintha tsiku aja akhale mfuti yanu. Musafufute olo imodzi.

Madala a Jali (Mayfair):
Zimenezi ine sindinazimvepo. Nanga bwanji a banki sanamuuze mwanayu?

Chikondi (Randburg):
Madala, oyankha mafoni ambiri amakhala ndi pepala lowerenga, munthu akatchula mawu oti scam iwo amathamangira za fraud basi. Mukapanda kutchula nokha kuti dispute ya katundu osafika sakutsegulirani khomolo.

Nabanda:
Ine mchemwali wanga ali ku Leeds akuti kuli lamulo lotchedwa Section 75, ukagula chinthu ndi kirediti khadi osalandira banki ikuyenera kubweza zonse. Bwanji osangowatchulira limenelo?

Mwale (Kempton Park):
Limenelo ndi la ku UK amayi, lili mu Consumer Credit Act yawo ya 1974, kuno siligwira ntchito. Chimodzimodzi mukafufuza pa intaneti mupeza zambiri zikunena za masiku 60, amenewo ndi malamulo a ku America. Mukapita nazo ku banki ya kuno angoona kuti munthuyu sakudziwa chomwe akunena. Zakuno zomwe zingathandize ndi izi, kirediti khadi ili pansi pa National Credit Act ya 2005, ndipo gawo 111 limati muli ndi ufulu wotsutsa ndalama iliyonse yomwe yalembedwa pa akaunti yanu ya ngongole powalembera kalata, iwo akuyenera kukuyankhani molemba. Silikunena kuti abweza ayi, koma limathandiza kuti nkhani isamathere pa foni ngati mmene zinathera dzulo. Chilichonse chikhale cholembedwa ndipo mutenge reference number.

Mwale (Kempton Park):
Koma pali chinthu china chomwe a Chikondi sanatchule ndipo ndi bwino bamboyu adziwiretu. Masamba a zosonkheranawa amadziteteza kwambiri. Kickstarter mwachitsanzo imanena poyera kuti iyo si sitolo, ndalama yomwe mukuponya ndi pledge, mukuthandizira ganizo la munthu, ndipo mgwirizano uli pakati pa inu ndi mwini ganizoyo. Mu 2014 kunali Coolest Cooler, bokosi loziziritsira zakumwa lokhala ndi blender ndi sipika, inasonkhetsa madola opitilira 13 miliyoni, kampani nkudzatseka mu 2019 anthu pafupifupi 20,000 asanalandire kanthu. Amenewo anali anthu a ku America komweko okhala ndi maloya pafupi. Ndie ambali inayo akadzayankha banki atha kudzanena kuti bamboyu sanagule, anapereka thandizo akudziwa kuti zitha kukanika.

Chikondi (Randburg):
Zoona a Mwale, ndipo ndi chifukwa chake ndikufuna aone bwinobwino sitetimenti. Bambo a Yankho tayang'anani, dzina lomwe lalembedwa pa R14,900 ndi lomwe lalembedwa pa R2,600 ndi limodzi?

Bambo a Yankho (Rosettenville):
Dikirani ndione pa app

Bambo a Yankho (Rosettenville):
Ndi osiyana. Yaikuluyo pali dzina la tsamba lija kenako kanyenyezi kenako dzina la batire. Yaing'onoyo pali dzina la kampani ya eni batire yokha, ndipo lisiti yake ya pa imelo yalembedwa order number, pansi pali shipping to South Africa, 2 units

Chikondi (Randburg):
Eya! Ndie awa ndi ma dispute awiri osati imodzi, musawaphatikize pa fomu imodzi. Ya R2,600 ndi yolimba kwambiri, munalipira kuti akutumizireni katundu, pali order number, sanatumize, palibe pothawira. Yaikuluyo ndi yomwe pakhale kukokana. Komabe lisiti ya shipping ija ikuthandizanso yaikuluyo, chifukwa munthu sungalipiritse mnzako ndalama yotumizira chinthu kenako nkumati inali mphatso chabe. Polemba musagwiritse mawu oti donation kapena investment olo kamodzi. Lembani kuti ndinalipira ma batire awiri, mtundu wakuti, anandilonjeza tsiku lakuti, sanafike.

Mai a Tadala (Turffontein):
Asisi a Chikondi Mulungu akudalitseni. Ine ndifunseko zanga poti nkhani yake ndi yofanana. Mwezi wa June pa gulu lina la kwathu ku Mangochi kunabwera uthenga woti mnyamata wina wamwalira ku Germiston alibe abale kuno, tisonkhe thupi lipite kumudzi. Panali chithunzi chake, chithunzi cha bokosi, ndi voice note ya mayi akulira zoti munthu ukamva sungameze nsima. Ndinatumiza R500 pa PayShap, njira ija ya ma banki yotumizira ndalama pompopompo, anzanga ena R200 ena mpaka R1,000. Patapita masabata awiri munthu wina anazindikira kuti chithunzicho ndi cha m'bale wake yemwe anamwalira 2021 ndipo anaikidwa kalekale. Amene amatolera uja anatuluka pa gulu usiku omwewo. Chomwe chimandiwawa si R500 ayi, koma kuti mwezi wotsatira kunachitika maliro enieni a mayi wina wa ku Jeppe anthu anakana kusonkha, thupi linakhala ku mortuary masabata atatu. Nanga zoterezi chargeback ingatheke?

Chikondi (Randburg):
Amayi pepani, imeneyo ayi. Chargeback ndi ya malipiro a khadi basi. PayShap, EFT, ndalama yotumiza pa nambala ya foni, zonsezo zili ngati mwapereka cash pamanja. Chomwe banki ingachite ukaimba msanga ndi kuyesa kuuza banki inayo kuti igwire ndalama ngati ikadali mu akaunti, koma anthu amenewa amatapa nthawi yomweyo. Kuyambira June apa palibe chotsala. Koma kukanena kumathandizabe kuti akaunti ija aitseke asabere ena.

Madala a Jali (Mayfair):
Nkhani ya maliroyi yandikhudza. Kale tikamasonkha timapita tokha kukaona thupi, awiri kapena atatu, ndalama imasungidwa ndi munthu wodziwika mu kope. Pano aliyense akungotumiza akaona chithunzi

Admin Fatsani:
Pa za maliro lamulo la gulu lino silinasinthe, palibe kuponya nambala ya akaunti pano tisanalankhule ndi wachibale komanso a parlour yomwe ikusunga thupi. Tibwerere kwa bambo a Yankho

Bambo a Yankho (Rosettenville):
Zikomo nonse, mtima wayamba kukhala pansi. Ndie mawa ndinyamule chani popita ku branch? Ndipo ku polisi ndipite? Kunena zoona ku polisi ine ndimachita mphwayi olo mapepala anga ali bwinobwino

Chikondi (Randburg):
Usiku uno musanagone lembani imelo kwa eni batire aja ndi ina kwa a tsamba lija, mwachidule, katundu sanafike ndikufuna ndalama zanga. Olo ibwerere zilibe kanthu, kubwererako nkomwe tikufuna, a banki amafunsa ngati munayesa kaye kukambirana ndi ogulitsa. Kenako jambulani sikirinishoti peji yonse ya kampeni pomwe pakuoneka mtengo ndi tsiku lolonjeza, chitani lero chifukwa mawa atha kuichotsa. Sindikizani ma imelo onse osintha masiku motsatana kwake, March, July, 30 September, tsiku lililonse mulizunguze ndi cholembera. Sitetimenti ya August 2023 ndi ya May 2024. Ma comment a anthu ena odandaula jambulaniko angapo, ndi uja anapeza kuti vidiyo ndi yakuba. Pamwamba pa zonse ikani pepala limodzi lofotokoza nkhani ndi madeti, lisapyole tsamba limodzi, amene akawerenge ali ndi mafayilo ambiri sangawerenge mbiri ya barbershop. Mukafika nenani kuti ndikufuna fomu ya card dispute, goods not received. Akayamba za OTP muwauze mwaulemu kuti sindikukana kuti ndinalipira.

Mwale (Kempton Park):
Ku polisi pitani ndithu akulu, tengani pasipoti ndi permit. Pa dispute ya mtundu uwu si nthawi zonse amafuna case number koma affidavit, kalata yolumbira ija, imapereka mphamvu, ndipo kulumbiritsa pa polisi ndi ulele. Kuti apolisi akagwire anthu ali kutsidya kwa nyanja musayembekezere zimenezo, inu mukufuna pepala lodindidwa basi. Banki ikakana kapena ikangokhala chete pali National Financial Ombud Scheme, ofesi yomva madandaulo a makasitomala, inayamba pa 1 March chaka chino ataphatikiza ombudsman wa ma banki, wa ngongole ndi awiri a inshulansi. Kudandaula kumeneko ndi ulele, simufunika loya, koma amafuna muyambe mwadandaula ku banki kwanu ndipo mukhale ndi reference number yawo. Ndi chifukwa chake ndikukakamira za nambalayo.

Nabanda:
Nanga pakadali pano asiye kubweza ngongole ya khadiyo? Ine ndikuona ngati akamalipirabe ndie kuti akuvomereza

Chikondi (Randburg):
Asasiye amayi. Olo ka minimum kokha azilipira mwezi uliwonse. Akasiya dzina lipita ku credit bureau, osunga mbiri ya ngongole za anthu, TransUnion ndi Experian aja, mawa akafuna kuchita lendi flat kapena contract ya foni azidzakanidwa chifukwa cha mbava zomwe sakuzidziwa nkomwe. Kulipira sikufooketsa dispute.

Bambo a Yankho (Rosettenville):
Abale taonani izi, pompano munthu wina wandilembera ku inbox akuti waona uthenga wanga pa gulu, akuti ali ndi anthu a IT omwe amabweza ndalama zobedwa pa intaneti mu maola 48, ndingolipira R1,500 yotsegulira fayilo ndi kumutumizira chithunzi cha khadi mbali zonse

Chikondi (Randburg):
MUSATUMIZE. Blokani pompano

Mwale (Kempton Park):
Amenewo ndi akuba achiwiri, amasaka anthu omwe abeledwa kale podziwa kuti mtima uli mmwamba. Palibe munthu wa IT amene angalowe mu Visa kukatenga ndalama yanu. Nambala zitatu za kumbuyo kwa khadi zija akangoziona agula nazo usiku omwe uno

Admin Fatsani:
Nditumizireni sikirinishoti. Ndamuona, analowa sabata yatha ndi link, sanalembepo kanthu chilowereni. Ndamuchotsa ndipo link ndasintha. Amene walandiranso uthenga ngati umenewu andiuze

Mai a Tadala (Turffontein):
Anandilemberanso ine nditangotchula za R500 zija. Anthu alibe chisoni

Bambo a Mphatso (La Rochelle):
Ndakhala ndikuwerenga chete kuyambira mmawa. Mlamu amene akunenedwayo ndine. Alamu, ine nkhope yomwe mumaiona ija si yokwiyira inu ayi, ndimadzimvera chisoni ndekha chifukwa ndalama ija inali ya malata a nyumba ya amayi ku Balaka, ndinati batire lindithandiza pa ntchito yosoka ndibweza msanga. Vidiyo tinaonera limodzi pa foni yanu, simunandikakamize. Ndikanakonda mukanandiuza kuti banki yakukanani mmalo mosenza nokha. Mawa nditseka shopu mmawa tipitire limodzi, ma imelo tikasindikize kwa mnyamata wa internet cafe uja, ndilipira ine.

Bambo a Yankho (Rosettenville):
Alamu zikomo. Ndinalibe poyambira kukuuzani. Ndikupezani 8 koloko

Madala a Jali (Mayfair):
Izi nde zandisangalatsa kuposa za ndalamazo. Pitani ana anga, mwina ine ndi amene ndatsalira

Lachitatu, 20 November 2024

Bambo a Yankho (Rosettenville):
Tabwerako. Ku polisi sizinavute, affidavit adinda mphindi 20 zokha. Ku branch poyamba mnyamata wa pakhomo anati za khadi zonse imbani foni, ife tinati tidikira tionane ndi munthu. Takhala pa mzere ola ndi theka. Mayi amene anatithandiza anayambanso zomwezija za OTP, ine ndinachita monga munanenera asisi, ndinati mayi sindikukana kuti ndinalipira, katundu ndi amene sanafike, nkuika mapepala patebulo. Anawerenga pepala lapamwamba lija kawiri, anatsegula imelo ya 30 September yomwe alamu anaizunguza ndi cholembera chofiira, anaimbira anzake a ku card division, kenako anatulutsa mafomu awiri. Ma reference number awiri ndili nawo, ndawalemba mu kope la shopu komanso ndawajambula. Akuti za tsiku loyambira kuwerenga akagamula ndi a ku likulu.

Chikondi (Randburg):
Mwagwira ntchito. Tsopano chenjezo limodzi, mukadzaona ndalama yalowa musadzathamangire kuidya. Nthawi zambiri imakhala yongogwirizira, mbali inayo imapatsidwa masiku 30 ku Visa kuti iyankhe, ikabweretsa umboni woti banki yaukhulupirira ndalama ija amaichotsanso. Ife ku guest house timayankha ndithu ndipo ena timawawina. Muzionanso imelo tsiku lililonse mpaka mu spam, akakufunsani kanthu amapereka masiku ochepa, mukachedwa fayilo amatseka.

Gift wa Uber:
Asisi ndavomera, njira yanga ija ikanawapweteka akuluwa. Ine ndili ndi yanga ya dashcam yomwe ndinaoda pa intaneti mu September sinafike mpaka lero, ndinalipira ndi debit card. Imeneyonso imatheka?

Chikondi (Randburg):
Ngati pa khadipo pali chizindikiro cha Visa kapena Mastercard ndipo munalipira polemba nambala ya khadi, inde njira ndi yomweyo. Koma September ndi kale achimwene, masiku anu akutha, pitani sabata ino

Lachisanu, 10 January 2025

Bambo a Yankho (Rosettenville):
Chaka chabwino abale. Ndinalonjeza kuti ndidzakuuzani. Ya shipping ija inalowa pa 6 December ndipo dzulo alemba kuti yatsekedwa, eni batire sanayankhe chilichonse, ndalama ndi yanga. Inabwera yoperewera pang'ono, R2,600 sinakwane, akuti ndi za kusintha kwa dola ndi ka fee kawo kosinthira ndalama. Yaikuluyo poyamba anaikana, pa 12 December analemba kuti nthawi inadutsa powerengera March. Ndinachita monga ananenera a Mwale, ndinayankha molemba tsiku lomwelo, ndinatumizanso ma imelo atatu aja ndi lisiti ya May, ndinafunsa kuti ngati nkhani inatha mu March nanga bwanji anthuwa anandilipiritsa shipping mu May, ndipo ndinati ngati yankho lanu lomaliza ndi limeneli ndipatseni molemba ndipite nalo kwa ombud. Anakhala chete masabata atatu. Lolemba lapitali aitsegulanso ndipo ndalama yalowa pa khadi, koma alemba kuti ndi yongogwirizira mpaka mbali inayo iyankhe.

Mai a Tadala (Turffontein):
Ambuye alemekezeke!! Ine misozi

Madala a Jali (Mayfair):
Ndinalakwitsa mwana wanga, ndabweza mawu anga aja. Chikondi mwana wanga uzitiphunzitsa zimenezi

Chikondi (Randburg):
Ndasangalala kwambiri. Koma apa mpamene a tsamba lija angabwere ndi nkhani ya pledge ija, nde mapepala musataye ndipo ndalamayo isakhudzidwe mpaka kalata yotseka ifike. Akakutumizirani yankho lawo kuti muliyankhe ndiponyereni ku inbox tilione limodzi, a Mwale nawo athandize chizungu chake

Mwale (Kempton Park):
Ndilipo. Chiongoladzanja chomwe mwakhala mukulipira pa ndalama imeneyi chifunseninso molemba ikadzatsekedwa, kaya apereka kaya akana koma funsani

Bambo a Mphatso (La Rochelle):
Alamu amafuna kundipatsa theka langa dzulo lomwe, ndakana. Ikhale pa khadipo mpaka February tione. Ya shipping yokhayo tagawana, yanga ndatumiza kale kumudzi agulireko misomali ndi malata awiri oyamba

Gift wa Uber:
Yanga ya dashcam fomu ndinapereka pa 25 November, sanayankhebe. Mawa ndikafunsa ku branch, reference number ndili nayo